Kumanzere kwa Ndani?

"Munachitentha ndinu chithunzi cha amayi anga! Musandiyang'ane ngati simukumva, a Benedicta. Ndinu!"

Alile anawalasa nawo mawuwa ataima pakhomo la khitchini, foni ili m'manja, milomo ikunjenjemera, kaya ndi ukali kaya ndi chisanu cha mwezi wa Juni. A Benedicta, mayi ake omupeza, anali pakampando akusenda kachewere. Sanadzidzimuke n'komwe. Anamaliza kusenda mbatata imene anaigwira, n'kuiponya m'beseni la madzi.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndili pakhomo pano. Lero m'pamene watulukira kuti ndine wotentha zithunzi?"

"Ndinali mwana, koma maso ndinali nawo. Munabwera Loweruka. Lamulungu pakhoma panatsala msomali wokha."

"Ndiye msomaliwo unakuuza kuti Benedicta?"

"Mlandu suola."

"Eya, suola. Koma uziupititsa kwa mwini wake. Kafunse abambo ako."

"Ababa sayankha."

"Ndiye wasankha ine poti ndine ndili ndi pakamwa." A Benedicta anatola mbatata ina. "Tiyi ali pambaula. Ngati ukumwa, imwa. Ngati sukumwa, vundikira."

Alile sanamwe, ndipo sanavundikire. Anakoka njinga yake pakhonde n'kulowa m'chifunga chimene chinali chitameza Bembeke yense, moti ngakhale tchalitchi sichinkaoneka.

Mayi ake omubereka, a Magadalena, anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Chimene chinamutsalira cha iwo chinali fungo la utsi wa paini pajuzi ndi dzanja lozizira pamphumi, basi. Nkhope ayi. Popeza kwawo kwa bambo ake n'kolowola, mwanayo anatsala pakhomo pa a Gerevazio, munthu amene anathera mphamvu zake zonse m'nkhalango ya pa Phiri la Dedza, kudzala paini, kutengulira ndi kucheka matabwa, mpaka makina anawagonthetsa khutu lamanzere. Kumva kunachepa, koma kuyankhula ndiye kunachita kuumiratu. Ukawafunsa za mvula, ankayankha. Za matenda a kachewere, ankayankha. Ukangotchula dzina la Magadalena, ankadzuka kukaona mbuzi, ngakhale mbuzizo zili phee m'khola. A Benedicta sanaone mphatso ya mwana. Choncho inali nyumba ya anthu atatu, aliyense ndi chete wakewake.

Zonsezi zinayamba Lamulungu la Kanjedza. Potuluka ku Misa, mayi wina wachilendo anamugwira mkono mwamphamvu n'kufuula kuti, "Magadalena!" Kenako anamusiya, dzanja pakamwa.

"Pepa, mwanawe. Nkhope yonse ndi yomweyo ndithu. Kungosowa mphini zokha."

Mphini? Zaka makumi awiri ndi zitatu ali pansi pano, palibe anamuuzapo kuti mayi ake anali ndi mphini. Atafunsa a Gerevazio pakhonde madzulo ake, iwo anakumbukira mbuzi. Ndiye anatumiza uthenga kwa mayi ake aang'ono, a Veronika, amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Joni. Patapita masiku anayi kunabwera mawu ojambulidwa, onong'oneza, kumbuyo kukumveka makina ochapira.

"Zinali zitatu, zazifupi, pakati pa diso ndi khutu. Anamutema asing'anga ali mtsikana, chifukwa cha mutu waching'alang'ala umene unkamugwira mbali imodzi. Kumanzere, mwanawe. Usandiimbire masana, abwana amakalipa."

Alile anawamvetsera mawuwo mpaka anawaloweza ndi phokoso la makinalo lomwe. Kenako anaganiza kuti: ngati nkhope ndili nayo kale, n'kungosowa mphini zokha, mphinizo ndidzitema ndekha. Osati ndi lumo.

Anali ndi kakontena pamphambano pamene msewu wa ku Bembeke umapatukira mumsewu waukulu. M'menemo ankakonza mafoni ndi kutchajira anthu. Palibe anamuphunzitsa. Fomu Folo anakhoza bwino, koma malo a kuyunivesite anapita kwa ena, ndipo zimenezo zimamuwawabe mpaka lero. Anzake a kusukulu anabalalika, ena ku Lilongwe, ena kubanja. Iye anatsala ndi laputopu yakale yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kumaphunzira kulemba mapulogalamu poonera mavidiyo, kuimitsa, kubwereza, kutukwana, kubwerezanso.

Pali pulogalamu yaulere imene anthu akunja analemba, imene ikaona nkhope pakamera imaiponyera ukonde wa madontho 468. Dontho lililonse lili ndi nambala yake ndi malo ake: lina pansonga ya mphuno, lina pangodya ya diso, ena ondondozana m'mbali mwa milomo ngati mikanda. Ukaseka, ukondewo umaseka nawe. Ukatsinzina, nawonso umatsinzina. Ndi umene atsikana a m'tauni amavalira makutu a galu ndi nkhata zamaluwa pafoni. Alile sankafuna makutu a galu. Ankafuna timizere titatu.

Koma pulogalamuyo siuza munthu kuti dontho ligwe pati pagalasi la foni yake. Imangopereka timanambala ta pakati pa 0 ndi 1. Ikati 0 ndiye kumphepete kuno, ikati 1 ndiye kumphepete uko, theka ndiye pakati. Zili kwa iwe kutenga kanambalako n'kukachulukitsa ndi m'lifupi ndi m'litali mwa galasi lako, kuti dontho la patsaya ligwedi patsaya, osati pakhoma. Kunena n'kosavuta.

Tsiku loyamba ukondewo unagona chammbali ngati chidakwa cha pamphambanopo, chifukwa kamera ya foni imaona dziko chogona, ndipo umayenera kulidzutsa wekha. Ataudzutsa, unafinyika, mphuno n'kukhala pamphuno koma masaya n'kulowa m'kati, chifukwa chithunzi cha kamera n'chachikulu kuposa galasi ndipo foni imadula m'mbali osakuuza. Zimenezo zinamudyera masabata awiri. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali china. Chifunga chikatsika, m'kontenamo mukachita kamdima, pulogalamuyo inkangoleka kumuona. Inkalemba kuti sikupeza nkhope.

"Sukupeza nkhope? Nanga ino ndi nthuza?" ankaikalipira foniyo. "Anakupanga aja anakuonetsa nkhope zoyera zokhazokha, eti? Yanga ikachita kamthunzi pang'ono wasanduka wakhungu!"

Ndiye ankachita kukaima pakhomo pa kontena, pamphepo, foni m'mwamba, zala zitauma gwaa, kuti makina avomere kuti iye alipo.

Ali chiimire choncho tsiku lina, anafika Kalisto wa kabaza kudzatenga foni yake.

"Achemwali, tsiku lonse kudzijambula! Mwapeza mwamuna ku Joni kodi?"

"Wa chiyani? Andithandize kuzizidwa?"

Kalisto anasuzumira paphewa pake. Pompo timizere titatu timene ankayesera pagalasipo tinadumpha kuchoka pa Alile n'kukatera pankhope ya Kalisto, chifukwa pulogalamuyo inkagwira nkhope imodzi yokha, imene yayandikira kwambiri.

"Iii, mayo! Mwanditema mphini! Achemwali, mukufuna mundilodze ndizikunyamulani ulere?"

Alile anaseka koyamba sabata imeneyo. Kalisto anakwera njinga yake akudzisisita patsaya, ndipo kuseka kunapita naye limodzi.

Vuto lomaliza linali louma mutu. Akapendeketsa mutu mbali ino, ukonde unkathawira mbali inayo, ngati mwana amene akukana kusambitsidwa. Analemba funso m'Chingerezi chake cha m'mavidiyo pabwalo lina la pa intaneti pamene olemba mapulogalamu amafunsana. Masiku asanu ndi anayi funsolo linakhala lokha. Tsiku lakhumi munthu wina wopanda dzina, wopanda chithunzi, anayankha mzere umodzi: kamera yakutsogolo imaonetsa ngati kalilole, ndiye nambala yam'lifupi uziichotsa pa 1.

Basi. Kamzere kamodzi. Atakalemba, ukonde unamumatirira pankhope ngati khungu lachiwiri. Alile anamulembera munthuyo uthenga wautali womuthokoza, mpaka anamuuza za mayi ake, za mphini, za chifunga cha ku Bembeke. Sanayankhidwe. Mwina munthuyo sanabwererenso pabwalopo.

Anasankha dontho 345, limene limakhala pamwamba pa tsaya lamanzere, n'kumangirirapo timizere take titatu, takuda, totupa pang'ono ngati zipsera zakale. Anaima pakhomo pa kontena n'kukweza foni. Pagalasipo panali mkazi amene sanamuonepo. Anali ndi maso ake, chibwano chake, koma sanali iye. Alile anamwetulira, mkaziyo n'kumwetulira, mphini n'kukwera m'mwamba pang'ono limodzi ndi tsaya. Minibasi zinkadutsa, okuwira akukuwa za Chimbiya ndi Lilongwe, iye osamva.

"Amayi," anatero chapansipansi.

Anakweza dzanja kuti agwire patsayapo, ndipo m'pamene ganizo linamubaya. A Veronika anati kumanzere. Kumanzere kwa ndani? Munthu sadziona yekha. Amene amaona mphini ndi amene waima patsogolo pako, ndipo kumanzere kwa iye ndi kumanja kwa iwe. A Veronika ankanena kumanzere kwa mkulu wawo, kapena kumanzere kwa maso awo? Anatumiza funsolo ku Joni. Yankho linabwera lotopa.

"Iwe, kumanzere ndi kumanzere. Zaka makumi awiri zapita, ukufuna ndikumbuke bwanji? Ndili pantchito."

Ndiye kuti mkazi wa pagalasi uja mwina anali mayi ake, mwina anali mlendo wongofanana nawo. Miyezi itatu ya kuzizidwa pakhomo pa kontena, ndipo zonse zinatsamira pa chithunzi chimodzi chimene chinachoka pakhoma iye ali ndi zaka zisanu. N'chifukwa chake m'mawa uja anadzuka ndi moto n'kukautsanulira pa a Benedicta.

Tsiku limenelo ntchito sinayende. Anataya kasikuluwu ka foni ya munthu m'fumbi, n'kukafuna chogwada theka la ola. Dzuwa litangopendeka anakhoma kontena n'kubwerera kwawo. Chifunga chinali chitayera, mapiri ali mbee, koma mphepo ikulasa. Anakhala pabenchi la pakhonde, pamene kuwala kunali kokwanira, n'kutsegulanso foni. Sankafuna chilichonse. Ankangofuna kumuyang'ana mkazi uja, kaya ndi ndani.

A Benedicta anali kuseri, akukwecha mapoto ndi phulusa lonyowa. Anadutsa kumbuyo kwake atanyamula poto, ndipo phazi lawo linaima. Poto anagwa, chivundikiro n'kugudubuzika mpaka pabwalo.

"Mayi Maria!"

Alile anafuna kubisa foni.

"Ayi, usachotse. Taimika pomwepo." Mawu awo anali ena, osati a m'mawa aja. Anayang'ana nthawi yaitali, osayandikira. Kenako anapukusa mutu. "Walakwitsa. Si mbali imeneyo."

"Inu mukudziwa bwanji?"

"Ndikudziwa."

"Amayi aang'ono ati kumanzere."

"Veronika anachoka kuno ali ndi zaka zingati? Ine ndaima ndi Magadalena m'kwaya zaka zisanu ndi chimodzi, phewa ndi phewa. Iye mawu oyamba, ine achiwiri. Ndinkaima mbali ya mphinizo. Akakweza mawu pa Ulemu kwa Mulungu, duku linkasendera m'mwamba, mphini n'kutulukira, ine n'kumugunda ndi chigongono kuti akonze. Lamulungu lililonse. Chigongono ichi."

Alile anali asanamvepo dzina la mayi ake likutuluka m'kamwa mwa munthu wa m'nyumbamo momasuka chonchi, ngati dzina la munthu amene wangopita kuchigayo.

"Munkadziwana?"

"Anandiphunzitsa kuluka juzi. Imene unkavala ku Sitandade Wani ija, yofiira, anaiyamba ndi iye. Manja ake ndinamaliza ndine."

"Simunandiuzepo."

"Unandifunsapo? Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unaleka kunditcha amayi, n'kuyamba a Benedicta, ngati ndine wogulitsa tomato. Ndinadziwa kuti mpanda wamangidwa. Ine si wodumpha mipanda."

Alile anayang'ananso pafoni.

"Ndiye kumanja? Kumanja kwa iwo, kapena kwa inu poyang'ana, kapena..."

"Usandizunguze mutu ndi kumanzere kwakoko. Tsitsa chifonicho. Tembenukira kuno."

Anatembenuka. A Benedicta anawerama, n'kumugwira chibwano ndi dzanja limodzi. Dzanjalo linali lozizira. Ndi chala cha dzanja linalo, chodzaza phulusa lonyowa, anamulemba patsaya lamanja, pakati pa diso ndi khutu. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu.

"Apa. Zopendekera chonchi, osati zoima ngati mizati mmene wachitiramo. Yapakatiyi inali yaitali kuposa zinzake, chifukwa anati anagwedeza mutu lumo lili m'kati."

Mawu ali ndi kumanzere kuwiri, koma chala chimagwa pamalo amodzi. Alile anamva phulusa likuuma patsaya. Sankakumbukira tsiku lomaliza limene munthu anamugwira kumaso.

"Nanga chithunzi?" anafunsa, mawu atatsika.

"Sindinatenthe. Nanenso ndinapeza msomali wokha, ngati iwe. Ndinachita manyazi, ndinkati anthu adzati ndine. Ndipo anaterodi." Anatola poto uja n'kumuyang'ana ngati wabooka. "Chilipo. Chili m'bokosi la matupa onolera sowo a abambo ako, pansi penipeni, chokulungidwa m'nyuzipepala. Ndinachipeza ndikufuna machesi. Koma sichingakuthandize. Anamujambula chammbali. Chikuoneka ndi tsaya lopanda kanthu."

"Chifukwa?"

"Nthawi imeneyo abambo ako ankafuna kulowa m'khonsolo ya tchalitchi. Anthu n'kumanong'ona kuti mkazi wa Gerevazio ali ndi zizindikiro za kwa asing'anga kumaso. Ndiye duku mpaka patsaya, kaya kutenthe. Kwa wojambula, tembenuka. Poyenda pamsewu, iwo nthawi zonse mbali yopanda mphini, kuti asazione. Magadalena ankaseka, amvekere, mwamuna wanga anakwatira theka la nkhope, theka linalo likadali mbeta. Ankaseka, koma ine ndinkaima naye pafupi."

"Ababa amakhala kumanzere kwa munthu chifukwa cha khutu lija. Kuti lakumvalo likhale pafupi."

"Khutu linagontha Magadalena ali kale m'manda. Ndipo ine amandikhalira mbali iliyonse, kumene kwapezeka malo. Taganiza bwino. Ndi ndani pakhomo pano amene amamukhalira mbali imodzi yokha?"

Alile anayang'ana benchi limene anakhalapo. Thabwa la kumanzere kwake linali losalala, lonyezimira, lodyeka ndi thalauza la munthu mmodzi. Anakumbukira popita kukalembetsa sukulu. M'minibasi ya ku Dedza. Pamzere wa kuchipatala ali ndi malungo. Kumunda popuma. Kumanzere, kumanzere, kumanzere. Zaka zonsezi ankayesa kuti bambo ake akumupatsa khutu, chikhalirecho akumubisira maso. Mbali imeneyo iye anali Magadalena wa m'chithunzi, amene analoledwa kuoneka. Mbali inayo, kumene kunayenera kukhala mphini, sanayang'anidweko chibadwire.

Anatulutsa laputopu m'chikwama, n'kuilumikiza ku foni ndi chingwe. Pamene panali 345 analembapo 116, dontho la tsaya linalo. Anapendeketsa timizere, n'kutalikitsa kapakati. Ankayang'ana pagalasi, kusuntha pang'ono, kuyang'ananso, mpaka timizere ta makina tinagona ndendende pamwamba pa timizere ta phulusa, osasiyana ngakhale ndi tsitsi limodzi. A Benedicta anatenga nsonga ya chitenje n'kumupukuta patsaya. Phulusa linachoka. Pagalasi mphini zinatsala.

"Ndi yemweyo?" anafunsa Alile.

A Benedicta anatembenukira kumapiri.

"Ine ndakuuza pamene zinali. Zoti ndi yemweyo, si ine woyenera kunena. Ine ndinali mnzake wa m'kwaya chabe."

Alile anaimirira. Panali mawu amodzi amene anayenera kutuluka asanapite kulikonse, chifukwa munthu wofuna chilungamo kwa ena sangayende ndi chake chokhota. Anatuluka movutikira, ngati chitsa.

"M'mawa muja ndinakunamizirani. Pepani."

"Tiyi uja anagweramo ntchentche ziwiri," anatero a Benedicta, akutola chivundikiro pabwalo. "Ndinakuuza kuti uvundikire."

Bokosi la matupa sanaligwire. Chithunzicho achitulutse ndi amene anachikulunga.

A Gerevazio anali kuseri kwa khola, pansi pa mitengo ya paini imene anadzala okha chaka chimene Alile anabadwa. Anakhala pachipika chachitali, sowo ili pamaondo, akunola mano ake limodzilimodzi ndi tupa. Chipewa chaubweya chinali chitatsika mpaka m'makutu. Atamva mapazi anasendera mwachizolowezi, kusiya malo kudzanja lawo lamanja, kuti mwanayo akakhala, iwo akhale kumanzere kwake.

Alile anazungulira chipikacho n'kukhala mbali inayo.

Tupa inaima. A Gerevazio anayang'ana pansi, pautuchi.

"Khala uku, Alile. Uko sindimva."

"Ndikuwa."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndikuwa!"

Anafuna kudzuka. Alile anagwira chogwirira cha sowo, n'kuikanikizira pamaondo pawo. Anali asanachitepo zotere kwa bambo ake. Koma dzanja silinasiye. Ndi linalo anakweza foni patsogolo pa onse awiri.

"Sindikuti mundiyang'ane ine. Ndikudziwa kuti simungathe. Yang'anani apa."

Mphepo inkawomba m'mapaini, kulira kwake kuja kokhala ngati mtsinje wakutali. Mbuzi ina inatsokomola m'khola. A Gerevazio anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati ukulemera. Pagalasi panali mkazi wopanda duku, tsitsi lili poyera, dzuwa la madzulo likumuwomba patsaya lamanja, ndipo patsayapo mphini zitatu zopendekera, yapakati yotalikirapo. Sanatembenuzidwe chammbali. Ankayang'ana molunjika.

Tupa inagwera muutuchi.

A Gerevazio anawerama. Anayandikira. Anayandikiranso, maso atatong'oka, mpweya wawo ukuchita nthunzi pagalasi. Ndipo poti nkhope yawo ndi imene tsopano inali pafupi, ukonde unamusiya Alile. Timizere titatu tija tinadumpha n'kukatera patsaya lawo, pakati pa diso ndi khutu, pamwamba pa ndevu zaimvi.

Anabwerera m'mbuyo ngati apsa, koma mphini zinawatsata. Anatembenuza mutu, zinatembenuka nawo. Anakweza dzanja n'kudzipukuta patsaya mwamphamvu, kawiri, katatu. Dzanja litachoka, zinalipobe. Kumbuyo kwawo pagalasipo, nkhope ya Alile inali yopanda kanthu, yongodikira.

"Zimitsa," ananong'ona. "Mwana wanga, zimitsa."

"Sindizimitsa."

"Ndikaone mbuzi."

"Mbuzi zadya, zamwa, zagona!" Alile anaika pakamwa pafupi ndi khutu logonthalo, misozi ikutsika yotentha pamasaya onse awiri. "Miyezi itatu ndakhala ndikuima pamphepo, kupempha makina kuti andionetse amayi anga, inu muli nawo m'bokosi la matupa! Ndafunsa ku Joni. Ndafunsa anthu opanda maina pa intaneti. Ndanamizira munthu wosalakwa, amene wasenza mlandu wanu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osadandaula. Munawabisa ali moyo, munawabisa atafa, ndipo inenso mwandiona theka lokha chibadwire. Nanga theka linalo ndi la yani?"

Anakokera foni kwa iye. Mphini zinachoka pa a Gerevazio n'kubwerera patsaya lake. Anaigwira chilili pakati pawo, timizere tosasuntha pamalo pake.

"Palibenso wina wotsala amene anganene. Yang'anitsitsani. Amayi anga ndi amenewa, kapena ayi? Ndiyankheni, ababa!"